Chaputala Chachisanu cha Abiti Daudi

Lamlungu lapitali kunali sadaka ya Abiti Daudi, ija Asilamu amachita pakatha masiku makumi anayi munthu ataikidwa m'manda. Ndinapita, mwana wanga Limbani ali kumsana. Ndinatsuka mbale, ndinadya mpunga, ndinapereka moni kwa aliyense, ndipo palibe amene anandiloza chala. Mwina zikanapepuka wina akanandiloza. Anthu anachokera ku Lilongwe, ku Zomba, wina mpaka ku Mzuzu, onse a madigiri awiriawiri, ndipo aliyense akaimirira ankadandaula chinthu chimodzi, kuti mayi amene anawathandiza onsewo kumaliza sukulu, eni akewo anamwalira asanamalize masitazi awo. Ena ankati ndi nthawi imene inachepa, ena ankati ndi matenda a shuga. Ine ndinangoweramira m'beseni. Buku lawo la kafukufuku linali litalembedwa lonse kalekale. Linkangodikira munthu mmodzi kuti amve chaputala chomaliza, ndipo munthuyo ndine.

Kunja kwa Mangochi sakudziwika, ndiye ndinene kaye kuti anali ndani. Abiti Daudi anali mlangizi wa zausodzi moyo wawo wonse, kuyendera madoko kuyambira ku Nkopola mpaka ku Nkhudzi, poyamba pa njinga yakapalasa, kenako pa njinga yamoto imene inkakana kulira kukazizira. Digiri yoyamba anaipeza ali kale ndi zidzukulu. Atapuma pa ntchito analembetsa masitazi, sukulu ija umapitako milungu iwiri n'kubwerera kwanu kukalimbana nazo wekha. Apo m'pamene anazindikira kuti m'boma muno muli anthu ambiri otere, anamwino, aphunzitsi, ogwira ntchito m'mabungwe, aliyense akuvutika payekha, akudikira supavayiza amene amayankha uthenga pakatha miyezi iwiri. Anayamba kuwasaka mmodzimmodzi, ndipo ambiri anawapeza pa shopu yathu.

Ine ndimatayipa ndi kupulinta pa shopu ina pafupi ndi msika. Ndili ndi setifiketi ya zausekilitale, basi. Iwo ankabwera kudzakhala pa benchi lathu ngati akudikira fotokope, koma maso ali pa mapepala a eni ake. Akaona pepala lodzaza ndi ndemanga za supavayiza m'mphepete, ankamufunsa mwini wake ngati wadya. Za sukulu sankafunsa. Munthu akayankha mozengereza, ankamuuza kuti Lachitatu kwawo kuli tiyi.

Lachitatulo linabwera ndi mkangano. Lachisanu Asilamu ali ku mzikiti, Loweruka a Sabata, Lamlungu enafe. Anthu anakokana milungu itatu pa gulu la pafoni, mpaka iwo analemba kuti tsiku limene palibe chipembedzo chinalitenga ndi Lachitatu, wofuna abwere akaweruka, wosafuna akalire yekha kunyumba kwake. Nkhani inathera pomwepo. Ankatero Abiti Daudi, chifundo chawo chinalibe mawu ofewa.

Tinkakumana m'chipinda cha kuseri kwa nyumba yawo, mmene kale ankasungiramo zida za ntchito, moti fungo la usipa silinachokemo ngakhale atapaka laimu kawiri. Munali mabenchi awiri obwereka ku madarasa, tebulo, ndi lichero pakhomo loponyamo mafoni. Pensulo ankaibaya m'mphepete mwa mpango wa kumutu, pafupi ndi khutu. Bolopeni yofiira sankaifuna m'nyumba mwawo, ankati inki imeneyo yathamangitsa kale anthu okwanira m'sukulu. Amene wabwezeredwa ntchito yake mlungu umenewo ndiye ankalandira kapu yoyamba ya tiyi ndi chitumbuwa chachikulu, ndipo ankayenera kuwerenga mokweza ndemanga zonse zimene zamupweteka, mpaka anzake ataseka, iyenso ataseka. Amene wamaliza sukulu sankaloledwa kusowa. Ankayenera kubwerabe chaka chathunthu kudzawerengera anzake. Mphunzitsi wina atalandira digiri n'kusiya kubwera, anamutsatira ku sukulu imene amaphunzitsa n'kumufunsa pamaso pa ahedi ngati khoka la digiri yake analikoka yekha.

Koma chimene anthu amakumbukira kwambiri ndi mpando. Unali wa pulasitiki, wobiriwira, mwendo umodzi womanga ndi waya, ndipo unkaikidwa pakati pa chipinda. Lamulo linali lakuti chaputala chilichonse chisanapite kwa supavayiza, mwini wake aimirire, asiye mapepala pa tebulo, achifotokoze m'Chichewa kapena m'Chiyao kwa munthu amene sanapondeko ku yunivesite. Womverayo akamvadi, iwo ankasolola pensulo ija n'kulemba pakona pa tsamba loyamba mawu amodzi: Wamva. Popanda mawu amenewo chaputala sichinkatuluka. Poyamba pampandopo pankakhala aliyense wopezeka, telala wa pafupi, wakabaza amene wawabweretsa. Kenako anandipeza ine.

Tsiku loyamba ndinangopita kukasiya mapepala, Limbani ali ndi miyezi itatu. Abiti Daudi ananditengera mwana, n'kundiloza mpando. Ndikukhala ndinamva bambo wina, a Kaphuka, akunong'oneza mnzake kuti kodi tsopano kafukufuku aziyesedwa ndi wotayipa. Ndinapirira mpaka kumapeto, koma Abiti Daudi akundiperekeza panjira ndinawafunsa.

"Amayi, mwandisankha chifukwa ndine mbuli eti?"

"Mbuli m'chipinda muja zilimo kale zokwana, make Limbani. Ine ndikufuna munthu woti akapanda kumva azinena."

Ndinawauza kuti ndiye alakwitsa munthu, chifukwa ine ndine wamanyazi, ngakhale kuchipatala ndimavomera zimene sindinamve kenako n'kumalira panjira. Anati akudziwa, ankandiona pa shopu, ndipo imeneyo ndiyo idzakhale sukulu yanga.

Miyezi yoyamba ndinkangogwedeza mutu pa chilichonse. Iwo sankandikalipira. Ankangomutembenuza Limbani pa miyendo pawo kuti ayang'ane kwa ine, n'kunena kuti ndimuuze mwanayo zimene ndamva. Ndikakakamira, mwini chaputala ankayambiranso. Ena ankandida nazo, ndikudziwa.

Za a Kaphuka ndiyenera kuzifotokoza bwino, chifukwa amene analipo tsiku limenelo amazikamba mpaka lero. Iwo kwawo ndi ku Dedza, kumapiri, ndipo anabwera kuno ndi ntchito ya bungwe. Kafukufuku wawo anali wofuna kudziwa ngati asodzi a usipa a ku Nkhudzi akuisiya ntchito yawo. Anapitako maulendo anayi pa galimoto ya bungwe, imene inkalowera kumeneko mlungu womaliza wa mwezi uliwonse. Ulendo uliwonse ankapeza maukonde atayalidwa pa mchenga, mabwato ali pamtunda, amuna akusoka maukonde, ena akusewera bawo. Analemba kuti anthuwa ataya mtima, nyanja yawakana. Anafotokoza bwino, Chichewa chosalala, dzanja lina m'thumba.

Ine kwathu ndi ku Nkhudzi komweko. Bambo anga ndi siginala, munthu amene amatsogola pa kabwato ndi nyali kuti usipa usonkhane, anzake n'kuuzinga ndi ukonde wa chilimira. Ndinadziwa cholakwika a Kaphuka asanafike ndi pakati pomwe. Ndinayang'ana kwa Abiti Daudi, munthu amene anakalambira pa madoko, koma iwo anali otanganidwa ndi kaphazi ka Limbani, akuwerenga tizala.

Anandifunsa ngati ndamva. Ndinati ndamva. Pensulo sinachoke pa mpango. Kenako anati nthawi ya swala, pemphero lawo, yakwana, anandipatsa mwana n'kutuluka, kutisiya tikuyang'anana, a Kaphuka ali chiimire. Atabwerako anakhala pansi, anakonza mpango, n'kundifunsanso funso lomwe lija ngati sanalifunsepo.

"Achimwene, masiku amene munapitawo, kumwamba mwezi unkawala bwanji?"

A Kaphuka anaseka, anati iwo si a zanyengo. Ndinawauza kuti mwezi ukakhala wathunthu nyali sizikoka usipa, chifukwa nyanja yonse imakhala yowala. Palibe amapita. Mlungu umenewo ndi wosoka maukonde, womata mabwato, wokaona achibale. Halima, namwino wa ku Chowe amene ankachita kafukufuku wa likodzo, anaimirira n'kupita pa kalendala ya ku mzikiti imene inali pakhoma, ija imaonetsa masiku a mwezi wa Chisilamu. Anapempha madeti anayi aja, n'kuwatsata ndi chala. Onse anagwa pamene mwezi uli wathunthu, kapena pafupi penipeni.

Palibe anaseka. A Kaphuka sanandikwiyire ine, anakwiyira mwini nyumba.

"Amayi, inu munawerenga chaputala ichi dzana. Munaona. Bwanji osandiitanira pambali?"

"Ndikanakuitanirani pambali mukanathokoza ine, bambo Kaphuka, n'kupitiriza kuwadutsa anthu amene akudziwa. Mwapita ku Nkhudzi kanayi. Munafunsako ndani chifukwa chimene mabwato ali pamtunda?"

Anatola foni yawo m'lichero n'kutuluka osatsanzika. Milungu isanu sanabwere. Mlungu wachisanu ndi chimodzi Abiti Daudi anakwera kabaza mpaka ku ofesi kwawo, atanyamula zitumbuwa m'kapepala, ndipo sanapite kukapepesa. Anakawauza kuti alankhula kale ndi bambo anga, mdima ukayamba akakhale kwathu milungu iwiri, atenge chipewa. A Kaphuka anapita. Anabwerako mphuno itasupuka, manja ali matuza okhaokha, ndipo anamaliza sukulu mochedwa ndi chaka chathunthu. Pa tsamba la zothokoza analemba dzina la Abiti Daudi pamwamba. Iwo analikhwatcha ndi pensulo n'kulembapo la bambo anga ndi langa. Ndinalitayipa ndekha, ndikuyang'ana kumbuyo ngati ndikuba.

Sindikufuna kuwasandutsa mngelo. Tsiku lija anandigwiritsa ntchito, ndipo munthu anachita manyazi pagulu pamene zikanatheka mwina. Ndinawauza zimenezi, anati mwina ndikunena zoona, koma sanasinthe kanthu. Mwana wawo Zainabu ankadandaula kuti mayi ake amadziwa pamtima mitu ya kafukufuku wa anthu achilendo koma tsiku lawo la ku kiliniki ya shuga amaiwala. Ankakangana pakhonde ife tikumva, ndipo Zainabu ndiye ankanena zoona.

Tsopano ndifike pa zimene ndakhala ndikuzizungulira.

Buku lawo linali la amayi amene amagula usipa pa doko n'kuuyanika pa mathandala. Amayi anga ndi mmodzi wa amayi otere, ndipo ndine amene ndinawatengera Abiti Daudi kwathu kuti akacheze nawo. Anacheza okha awiri masana onse kuseri kwa thandala, ine ndikuyamwitsa kutali. Machaputala anayi oyamba ndinawamva. Ankaimirira ngati wina aliyense, mapepala pa tebulo, thukuta lili kamukamu, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi akufotokozera ine. Pa chachitatu ndinawauza kuti sindinamve. Anasangalala ngati ndawapatsa mphatso, anakachilembanso milungu itatu.

Chachisanu chinali cha nkhani imene aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaidziwa koma saikamba. Usipa ukachepa, ogula n'kuchuluka, pali asodzi ena amene amagulitsa kaye kwa mkazi amene wavomera kugona nawo. Amayi angapo anawauza zimene anadutsamo. Iwo anasintha maina, anasintha midzi, koma anati sizokwanira. Anandiuza kuti chimenechi ndidzachimva ndekha, popanda gulu, ndipo funso silidzakhala lakuti ndamva basi.

"Iwe unakulira pa doko limenelo, mawu awo ukuwadziwa. Ukamuzindikira munthu mmodzi yekha, ndiye kuti sindinamubise bwino, ndipo bukuli silipita."

Ndili Folomu 3 bambo anga anadwala zaka ziwiri, osapita panyanja. Nthawi imeneyo usipa unali wosowa, koma thandala la amayi anga silinakhale lopanda kanthu, ndipo ine sukulu sindinasiye. Sindinafunsepo. Bambo anga ali moyo, amayi anga ali moyo, amapita limodzi ku tchalitchi. Ndinkaopa kukhala pa mpando uja n'kumva mawu a amayi anga akutuluka m'kamwa mwa Abiti Daudi.

Ulendo woyamba ndinalephera pa chifukwa choona, Limbani anagonekedwa m'chipatala ndi befu. Wachiwiri ndinati pa shopu pali mayeso a sukulu opulinta, ndipo analipodi, koma mnzanga akanatha yekha. Wachitatu ndinangothimitsa foni. Kenako ndinasiya kupita Lachitatu. Inakwana miyezi isanu. Supavayiza wawo analemba kuwakumbutsa, nthawi yopereka mabuku ya chaka chimenecho inadutsa. A pagulu anawachonderera kuti apeze womvera wina, telala uja alipo. Anayankha kuti lamulo si chitenje choti uzisintha popita ku ukwati, ndiponso telalayo mawu a amayi a ku Nkhudzi sakuwadziwa. Dzina langa sanalitchule kwa aliyense. Anthu ankangoti akukonzabe.

Pa shopu ankabwerabe. Ndikawaona akutsika pa kabaza ndinkaweramira pa kompyuta, koma iwo ankangofunsa za chifuwa cha mwana, ngati ndikumufunditsa m'mawa, ngati utsi wa mbaula sukumufikira. Tsiku lina anandilembera pa kapepala mafunso oti ndikawafunse adokotala, n'kundiuza kuti ndisakatuluke m'chipindamo ndisanamve mayankho. Ndinakafunsa onse. Ulendo womaliza anakhala pa benchi nthawi yaitali, ataonda, mapazi atatupa m'masilipasi. Ponyamuka anagwira pa kauntala.

"Usadzikakamize, make Limbani. Bukulo silithawa."

Ndinati zikomo Amayi, ndibwera mlungu wamawa. Ndikuganiza kuti tonse tinkadziwa kuti ndikunama. Ndikuganizanso kuti chimene ndinkaopa ankachidziwa, ndipo akanatha kungondiuza kuti amayi ako mulibemo, kapena alimo. Koma zimenezo zikanakhala kuulula za munthu amene anawakhulupirira, ndipo iwo sakanatero ngakhale kuti digiri iwadutse.

Anamwalira Lachinayi m'mawa, n'kuikidwa masana omwewo monga mwa mwambo wawo. Uthenga unandipeza mtembo utanyamulidwa kale pa jeneza.

Sadaka ija itatha, anthu akubalalika, a Kaphuka ndi Halima anandiitanira m'chipinda cha kuseri. Anati a ku sukulu avomera kulandira bukulo ngati abanja atumiza. Zainabu anabweretsa fayilo. Tinatsegula machaputala, chimodzi ndi chimodzi. Pakona pa anayi oyamba panali mawu aja a pensulo. Pa chachisanu panalibe kanthu. Onse anaona, ndipo ndikudziwa kuti anamvetsa, koma palibe anandifunsa. A Kaphuka, omwe aja ankanyoza mpando, anatseka fayiloyo pang'onopang'ono.

"Achemwali, ife sitingatumize chonchi."

Dzulo linali Lachitatu. Limbani ndinamusiya kwa aneba. Halima anali atachiwerenga chaputalacho masiku awiri, ndipo anachita monga mwa lamulo, anasiya mapepala pa tebulo, anaimirira, tili awiriwiri m'chipinda cha kuseri chija, chitseko chotseka. Ndinamvetsera mmene ndimamvetserera kupuma kwa mwana wanga chifuwa chikamugwira. Mayi aliyense akayamba kulankhula ndinkagwira mpando. Munali mayi wa ana ambiri, mayi wamasiye, mayi amene anakana n'kubwerera ndi beseni lopanda kanthu mwezi wathunthu. Ndinawamva onse, ndinamvetsa zonse, koma palibe amene ndingamuloze kuti uyu ndi uje. Amayi anga mwina alimo, mwina mulibe. Abiti Daudi anali atawabisa kale bwino lomwe, ntchito inali itatha. Zonse sizinakwane ndi ola limodzi. Miyezi isanu ndinkathawa chinthu chosakwana ola limodzi.

Halima anandipatsa pensulo. Ndinati si ntchito yanga kulemba, anati nanga alembe ndani. Ndinalemba. Dzanja langa linazolowera kompyuta, zilembo zinatuluka zopendama, zosafanana ndi zinayi zija. Iye anatenga fayilo n'kupita nayo kwa Zainabu, ine ndinatsala.

Chipindacho sichinasinthe kwenikweni. Benchi limodzi a madarasa analitenga tsiku la maliro ndipo silinabwerere, pakhoma patsala mzere wakuda pamene misana ya anthu inkatsamira. Lichero lili pakhomo, mwagwera masamba a mango. Kalendala ikadali pa mwezi umene anamwalira. Pa windo pali zosongola za pensulo zimene palibe wasesa, ndi fulasiki yotsegula, nyerere zikuzungulira pakamwa pake. Kumapeto kwa benchi lotsalalo, pamene ankakhala, simenti ndi yosalala kuposa pena ponse, chifukwa ankavula masilipasi n'kumapukusa mapazi pansi munthu akamafotokoza zosamveka. Fungo la usipa likadalimo. Mpando wobiriwira uli pakati, waya wa mwendo wayamba kumasuka.

Ndinakhalapobe pang'ono, manja pa maondo, ndikuyang'ana kumapeto kwa benchi. Paja ndikati ndamva, iwo sankakhulupirira msanga. Ankakonza mpango, n'kundifunsanso kachiwiri. Ndinadikira mpaka ku mzikiti ataitana, ndipo palibe anandifunsa.